Kutulutsa ma EV m'magazi a munthu: kuyambira pa singano mpaka pa Western blot

Magazi akangotuluka mumtsempha, ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, amayamba kuthothola tizidutswa ta khungu lawo. Chubu chikagwedezeka, amathothola tambiri. Chikakhalitsa pa benchi, timachulukirachulukira. Tizidutswa timeneti tili m'gulu lomwelo la timatumba totchedwa ma EV timene mukufuna kufufuza, ndipo palibe makina amene angakuuzeni kuti aka kanapangidwira m'thupi la wodwala, aka kanapangidwira m'chubu pamsewu wochokera ku Kawale. N'chifukwa chake ntchito ya ma EV imakoma kapena kuwonongeka m'maola awiri oyamba, musanakhudze n'komwe makina okwera mtengo.

Ma EV, amene dzina lawo lonse ndi extracellular vesicles, ndi timatumba timene maselo amatulutsa, tokutidwa ndi khungu la mafuta lofanana ndi la selo lenilenilo. M'kati mwake muli mapuloteni ndi RNA, koma sitingaswane patokha. Kukula kwake kumayambira pa nanomita 30 mpaka kupitirira 1,000 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), ngakhale tambiri ta m'magazi sitifika 200. Peter Wolf wa ku Birmingham atationa mu 1967 anatitcha fumbi la ma platelet. Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anasonyeza kuti ana ogonekedwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amene anakomoka ndi malungo a mu ubongo, anali ndi timatumba tochuluka tochokera ku maselo oyala m'kati mwa mitsempha. Malungo, HIV, sickle cell ndi khansa zonse zimasintha ma EV, ndipo odwala matenda amenewa ali ku Kamuzu Central Hospital ndi ku Bwaila tsiku ndi tsiku.

Musanatenge ngakhale dontho, kafukufuku wanu akhale wovomerezedwa ndi National Health Sciences Research Committee kapena College of Medicine Research and Ethics Committee (COMREC), ndipo pafomu ya chilolezo palembedwe ngati magazi adzasungidwe kapena kutumizidwa kunja. Pofotokozera wodwala kapena kholo la mwana, tchulani kuchuluka kwa magazi m'masupuni: 5 mL ndi supuni imodzi ya tiyi. M'dziko limene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu mu 2017, kufotokoza kumeneku si kongokwaniritsa mwambo ayi.

Potenga magazi

Sankhani mtundu umodzi wa chubu ndipo musausinthe mpaka kafukufuku atatha. Cha chivindikiro cha buluu, chokhala ndi sodium citrate wa 3.2%, ndicho chozolowereka, makamaka ngati mudzayeza momwe ma EV amathandizira kuundana kwa magazi. Chidzaze mpaka pa mzere, chifukwa muyeso wake ndi magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la citrate. Cha pepo, cha EDTA, chimagwira bwino ma platelet kuti asathothole msanga, choncho ngati magazi akuchokera kutali ndi labu, monga ku Area 25 kapena ku Mitundu, chimenechi n'chabwinoko. Cha heparin chisiyeni, popeza heparin amatsekereza PCR, njira yochulukitsira DNA poyeza. Serum, madzi otsala magazi akaundana, nayonso ndi msampha: magazi akamaundana, ma platelet amatulutsa ma EV ambirimbiri, ndiye mumakhala mukuwerenga zochitika m'chubu.

Singano ikhale ya 21G kapena yotakata kuposa pamenepo. Lamba wa pamkono mumasule magazi akangoyamba kuyenda. Magazi oyamba, 2 mL mpaka 3 mL, apite m'chubu china, chifukwa ali ndi zinyenyeswa za pamene singano yaboola. Chubu cha citrate chitembenuzeni pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, cha EDTA ka 8 mpaka 10. Musakhutchumule.

Lembani nthawi imene magazi atengedwa ndi nthawi imene munthuyo anadya komaliza. Amene wangodya mandasi kapena tchipisi plasma yake, madzi a magazi otsala mukachotsa maselo, imaoneka ngati mkaka wosungunula, chifukwa yadzaza ma chylomicron, timibulu ta mafuta tofanana msinkhu ndi ma EV. Akuluakulu athanzi mungawapemphe kubwera m'mawa asanadye. Mwana wodwala malungo simungamumane chakudya chifukwa cha kafukufuku, ndiye mungolemba.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chiyenera kusiyidwa apa. Tinazolowera kuti sampulo iliyonse imayenda mu cooler box yokhala ndi ayisi. Magazi a ma EV amene sanazunguzidwe mu centrifuge, makina ozunguza machubu kuti maselo akhazikike pansi, asakhudze ayisi kapena kulowa mufiriji, chifukwa kuzizira kumadzutsa ma platelet. Ayende mu bokosi lopanda ayisi, machubu ataimirira mu rack, potentha pakati pa madigiri 18 ndi 25. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene Lilongwe amapitirira madigiri 30, bokosilo lisasiyidwe m'galimoto yotseka mawindo. Njinga yamoto pamsewu wa mabampu imagwedeza magazi kwambiri. Ngati palibe njira ina, yalani siponji pansi pa rack ndipo lembani kuti sampuloyo inabwera bwanji. Magazi alowe mu centrifuge pasanathe maola awiri. Ola limodzi ndiye bwino koposa.

Kuchotsa ma platelet

Zunguzani pa 2,500 g kwa mphindi 15, osaziziritsa, mu rotor ya zibekete zolendewera, buleki itazimitsidwa kapena itaikidwa pa mlingo wotsikitsitsa. Buleki yamphamvu imavundula ma platelet amene anali atakhazikika pansi.

Samalani kuti g, mphamvu yokokera zinthu pansi, si rpm, maulendo amene makina amazungulira pa mphindi. Makina ambiri a m'zipatala amaonetsa rpm yokha, ndipo 2,500 rpm ndi yochepa kwambiri. Yezani mtunda kuchokera pakati pa rotor mpaka pansi pa chubu, mu masentimita, kenako gwiritsani ntchito samu iyi, momwe r ndi mtundawo: g = 1.118 × 10⁻⁵ × r × rpm². Mtundawo ukakhala masentimita 15, mukufunika pafupifupi 3,860 rpm. Ukakhala masentimita 10, pafupifupi 4,730 rpm. Lembani nambala yanu pa kapepala ndi kumata pa chivindikiro cha makinawo.

Mukatulutsa chubu mudzaona magawo atatu: maselo ofiira pansi, kamzere koyera kotchedwa buffy coat, ndi plasma pamwamba. Tungani plasma ndi pipeti kuyambira pamwamba, ndipo muleke kutatsala sentimita imodzi kuti mufike pa kamzere koyerako. Mtima umafuna kutunga yonse, makamaka magazi akakhala a mwana ndipo ndi ochepa, koma sentimita yomalizayo ndi imene muli ma platelet ambiri. Thirani plasma m'chubu chatsopano cha pulasitiki, zunguzaninso pa 2,500 g kwa mphindi 15, tunganinso osafika pansi. Ngati muli ndi sefa ya polycarbonate ya timabowo ta 0.8 µm, dutsitsani plasma mmenemo, imachotsa ma platelet otsalira. Pa chubu cha 2.7 mL mudzatsala ndi plasma yosafika 1 mL nthawi zambiri, choncho werengeranitu machubu amene mukufuna.

Ikani plasma pang'ono m'makina a full blood count kuti muone ma platelet otsala. Makinawa saona bwino ma platelet akachepa kwambiri, koma akakuonetsani nambala yooneka, dziwani kuti china chalakwika. Kufunika kwa zimenezi n'kwakuti platelet iliyonse yotsala imasweka ikauma mufiriza n'kusungunukanso, ndipo zidutswa zake simudzathanso kuzisiyanitsa ndi ma EV enieni. Kuzunguza plasma itasungunuka kale sikukonza cholakwikachi.

Yang'ananinso mtundu wa plasma. Yofiirira ikusonyeza kuti maselo ofiira asweka, ndipo mungayeze zimenezi pa spectrophotometer pa 414 nm. Kwa munthu wathanzi, kufiira kumeneku kumatanthauza kuti magazi anatengedwa molakwika. Kwa wodwala malungo aakulu kapena sickle cell, maselo angakhale atasweka m'thupi momwe, ndiye musataye sampuloyo. Lembani nambala yake kuti mudzaiganizire posanthula zotsatira, makamaka za microRNA monga miR-451a imene imachuluka m'maselo ofiira.

Gawani plasma m'timachubu ta 500 µL ndi kuika pa madigiri −80. Firiza ya −20, makamaka ija yodzichotsa yokha ayisi, imatentha ndi kuzizira mosinthana ndipo imawononga sampulo. Firiza yanu ikhale pa chingwe cha jenereta, ikhale ndi buku la kutentha lolembedwa m'mawa ndi madzulo, ndipo magetsi akazima isatsegulidwe. Posungunula, viikani kachubu m'madzi a madigiri 37 mpaka ayisi atangotha. Mukasungunulira pa ayisi pang'onopang'ono, fibrinogen imaundana n'kukola ma EV. Kachubu kamene kasungunuka kasabwererenso mufiriza.

Mdani wachiwiri ndi mafuta

Mu 1 mL ya plasma muli ma EV pafupifupi 10¹⁰, pomwe ma lipoprotein, timibulu tonyamula mafuta monga HDL, VLDL ndi ma chylomicron, ali pafupifupi 10¹⁶. Pa EV imodzi pali timibulu ta mafuta pafupifupi miliyoni. HDL ndi yaing'ono, pafupifupi nanomita 10, koma kulemera kwake kumalowana ndi kwa ma EV. VLDL ndi ma chylomicron ndi opepuka, koma msinkhu wawo ndi wofanana ndi wa ma EV. Ndiye njira yosiyanitsa ndi msinkhu imachotsa HDL n'kusiya VLDL, yosiyanitsa ndi kulemera imachotsa VLDL n'kusiya HDL. Palibe njira imodzi imene imayeretsa kotheratu.

Kwa labu ya ku Lilongwe imene ikuyamba kumene, ife timalimbikitsa size exclusion chromatography, mwachidule SEC, njira yosiyanitsa ndi msinkhu podutsitsa plasma m'kolamu, chubu chodzaza timibulu tokhala ndi timabowo. Siifuna magetsi, imatha m'mphindi pafupifupi 20, ndipo siiphwanya ma EV. Makolamu opangidwa kale, monga qEV a kampani ya Izon, alipo, koma mungapange yanu ndi sirinji ya 10 mL ndi Sepharose CL-2B, monga anachitira ofufuza a ku Amsterdam mu 2014. Iwo anatseka kukamwa kwa sirinji ndi kachidutswa ka sitoking'i ya nayiloni, ndipo kamagwira ntchito.

Sepharose imabwera ili mu ethanol wa 20%. Itsukeni katatu ndi PBS (madzi a mchere a mu labu) yosefedwa pa 0.22 µm: thirani PBS, sakanizani mofatsa, dikirani ikhazikike, khuthulani madzi a pamwamba. Musaitakase ndi maginito, amaphwanya timibulu take. Sepharose ndi PBS zonse zikhale zitachoka mufiriji kalekale, chifukwa madzi ozizira akamatenthera m'kolamu amatulutsa thovu, ndipo thovu limatsegula njira yachidule imene plasma imadutsamo osasefedwa. Chotsani chokankhira cha sirinji, ikani nayiloni, imikani sirinji chilili, thirani Sepharose mopendeketsa mpaka itakhazikika pa mzere wa 10 mL. Dutsitsani 20 mL mpaka 30 mL ya PBS. Pamwamba pake pakhale pathyathyathya, ndipo pasaume ngakhale kamphindi. Kolamu ikauma imang'ambika, ndipo imeneyo ndi yotaya. Ngati plasma ndi ya citrate, onjezerani citrate wa 0.32% mu PBS kuti isaundane m'kolamu.

PBS ya pamwamba ikangolowa yonse, dontheza 500 µL ya plasma pang'onopang'ono, ndipo yambani pomwepo kulandira madontho m'timachubu tolembedwa manambala, 500 µL pa kachubu. Plasma ikalowa yonse, thirani PBS pamwamba ndi kupitiriza mpaka kachubu ka 25. Ma EV ndi aakulu, salowa m'timabowo ta Sepharose, motero amatsogola. Kawirikawiri amatuluka pakati pa kachubu ka 7 ndi ka 12. Albumin, ma antibody ndi HDL zimachedwa, zimachuluka chakumapeto, pamene madontho ayamba kuoneka achikasu.

Manambala amenewa musawakhulupirire musanayeze kolamu yanu. Ulendo woyamba, yezani mapuloteni m'kachubu kalikonse pa 280 nm kapena ndi BCA, ndipo dontheza 2 µL ya kachubu kalikonse pa nitrocellulose kuti mufufuze CD9 (puloteni ya pa khungu la ma EV), ApoA1 (puloteni ya HDL) ndi albumin. Pamene CD9 yakwera koma albumin isanayambe, pamenepo ndi panu. Mukaphatikizako kachubu kamodzi ka mochedwa mudzapeza ma EV ochulukirapo pang'ono ndi mapuloteni ochuluka kwambiri. Kuthira plasma yambiri, monga 2 mL pa kolamu ya 10 mL, kumasokoneza malire omwewo. Ngati mukufuna kutsuka kolamu kuti muigwiritsenso ntchito, dutsitsani sodium hydroxide kenako PBS yambiri, koma pa ntchito ya RNA wodwala aliyense akhale ndi kolamu yake.

Zimene mwatola ndi zosungunuka kwambiri. Zikhuthalitseni ndi sefa ya mu centrifuge monga Amicon Ultra ya 10 kDa, kuchoka pa 2 mL kufika pa 100 µL. Gwiritsani ntchito timachubu tosakakamira mapuloteni, chifukwa ma EV oyeretsedwa amamatirira ku pulasitiki ndipo amatha kuchepa kwambiri usiku umodzi. Plasma imasungika bwino kuposa ma EV otulutsidwa kale, ndiye tulutsani pamene mwakonzeka kuwayeza.

Ngati funso lanu ndi la ma EV akuluakulu, monga ochokera ku maselo ofiira pa malungo, centrifuge ya pa benchi yofika 20,000 g ikukwanirani. Sungunulani plasma ndi PBS muyeso wofanana, zunguzani kwa mphindi 30 mpaka 60, tsukani kamodzi ndi PBS. Zokhazikika pansi nthawi zambiri sizioneka ndi maso, choncho ikani timachubu tonse cholumikizira chivindikiro chitaloza kunja, kuti mudziwe mbali imene zili ndipo pipeti isapiteko. Ultracentrifuge pa 100,000 g kwa maola awiri imakoka ang'onoang'ono, koma imawaunjika pamodzi ndi mapuloteni ndipo ena amamatana. Phindu lake lenileni lili pa iodixanol gradient, njira yosiyanitsa ndi kulemera, imene imachotsa VLDL ndi ma chylomicron. Mukaiphatikiza ndi SEC mumapeza ma EV oyera kwambiri, ngakhale ochepa. Makiti a polyethylene glycol ndi osavuta, koma amakokera pansi chilichonse, ma antibody ndi ma lipoprotein omwe. Pa plasma ife sitiwalimbikitsa.

Kachilombo ka HIV ndi kakakulu nanomita 100 mpaka 120, ndipo kulemera kwake n'kofanana ndi kwa ma EV ang'onoang'ono. Kamatuluka m'timachubu tomwe tija, kali kamoyo. Pa chiwerengero sikasokoneza kwenikweni, chifukwa ngakhale viral load ya 100,000 pa mL ndi kadontho poyerekeza ndi 10¹⁰, koma pa chitetezo chanu ndi pa RNA ndi nkhani yaikulu. Kolamu iime m'kati mwa biosafety cabinet, zibekete za centrifuge zikhale zotseka, aliyense akhale atabaya katemera wa hepatitis B, ndipo zotayika zonse zilowe mu chlorine wa 0.5%. JIK wa 3.5% mumamusungunula gawo limodzi ndi magawo 6 a madzi.

Kutsimikiza kuti ndi ma EV

Malangizo a International Society for Extracellular Vesicles, otchedwa MISEV, amene anatuluka mu 2014, 2018 ndi kukonzedwanso monga MISEV2023, amafuna umboni wa mbali ziwiri: zimene ziyenera kupezeka ndi zimene ziyenera kuchepa. Pa Western blot, njira yozindikirira mapuloteni ndi ma antibody, fufuzani puloteni ya pa khungu monga CD9, CD63 kapena CD81, ina ya m'kati monga TSG101, ALIX kapena syntenin, kenako zoyenera kuchepa, ApoA1, ApoB ndi albumin. Blot yoonetsa CD63 yokha siinena kanthu za ukhondo wa sampulo.

Ma antibody ambiri a CD9, CD63 ndi CD81 amafuna sampulo yopanda DTT kapena beta-mercaptoethanol. Mukathira, mzere umasowa ndipo mumaganiza kuti ma EV kulibe. CD63 imaoneka ngati chipaka pakati pa 30 ndi 60 kDa chifukwa cha shuga womatirira pa iyo, si kulakwitsa kwanu. TSG101 ili pafupi ndi 46 kDa, pomwe unyolo waukulu wa IgG, antibody ya m'magazi a munthu, uli pa 50 kDa, ndipo secondary antibody ikhoza kugwira IgG imeneyo. Siyani mzere umodzi wopanda primary antibody kuti muone. ApoB ndi yaikulu kuposa 500 kDa ndipo imavuta kusamutsa kuchoka mu gel, choncho dot blot kapena ELISA ndi yosavuta. Poyerekeza odwala, ikani mu gel ma EV ochokera ku plasma yofanana kuchuluka, osati mapuloteni ofanana kulemera, popeza ambiri mwa mapuloteniwo si a ma EV.

Flow cytometer imene inapangidwira kuwerenga maselo imangoona ma EV akuluakulu, a nanomita mazana angapo kupita m'mwamba. Ang'onoang'ono ambiri akadutsa limodzi pa laser, makina amawawerenga ngati chinthu chimodzi. Kuti mudziwe ngati zimenezi zikuchitika, sungunulani sampulo kawiri, kanayi, ka 8: chiwerengero chitsike mofanana, kuwala kwa chinthu chilichonse kusasinthe. Antibody iliyonse izunguzidwe pa 16,000 g kapena kuposa kwa mphindi 5 mpaka 10 isanagwiritsidwe ntchito, chifukwa ma antibody omatana amaoneka ndendende ngati ma EV. Yendetsani buffer yokha, buffer yokhala ndi antibody popanda sampulo, ndi sampulo yothira Triton X-100 wa 0.1%, mankhwala ophwanya khungu la mafuta. Chimene sichisowa mutathira Triton sichinali ndi khungu la mafuta. CD41 kapena CD61 imasonyeza ma platelet, CD235a maselo ofiira, CD45 maselo oyera, CD144 maselo oyala m'kati mwa mitsempha. Annexin V, imene imazindikira ma EV pogwira mafuta a pa khungu lawo, imafuna calcium, ndipo calcium ikalowa mu plasma ya citrate imaiundanitsa. Lactadherin amagwira ntchito yomweyo koma safuna calcium. Njira yoyenera makina wamba ndi kukola ma EV pa timikanda tokutidwa ndi ma antibody, monga kiti ya MACSPlex yoona zizindikiro 37. Mumataya chiwerengero cha EV imodzi imodzi, koma zotsatira zake zimabwerezeka.

Makina a nanoparticle tracking monga NanoSight ndi ZetaView amawerenga chilichonse choyenda m'madzi, VLDL yomwe, ndiye nambala yawo muitchule kuti ndi ya tizinthu, osati ya ma EV. Pa electron microscope ma EV amaoneka ngati timbale tofwapa pakati, koma kufwapako kumabwera ndi kuumitsa; m'magazi ndi obulungira. Ngati labu yanu ilibe makinawa, tumizani plasma ya mufiriza, isanasungunuke, pa dry ice, yokutidwa katatu monga mwa malamulo otumizira masampulo a UN3373, kalata ya mgwirizano wotumizirana masampulo (Material Transfer Agreement) itasainidwa kale. Dry ice amatha makilogalamu 2 mpaka 5 patsiku, choncho ikani wokwanira masiku awiri owonjezera, ndipo bokosi linyamuke pa Kamuzu International Airport Lolemba kapena Lachiwiri kuti lisakagone kumapeto kwa sabata panjira.

Pa RNA, dziwani kuti microRNA yambiri ya mu plasma ili kunja kwa ma EV, yomatirira ku puloteni ya Argonaute 2 ndi ku HDL. Kuti munene kuti RNA yanu inali m'kati, gawani sampulo pawiri, thirani proteinase K yophwanya mapuloteni kenako RNase yophwanya RNA, mbali imodzi muli Triton, ina mulibe. RNA ya m'kati imapulumuka kumene kulibe Triton. Kuchuluka kwake n'kochepa moti NanoDrop siingayeze molondola. Thirani cel-miR-39, microRNA yosapezeka mwa munthu, ya muyeso wodziwika poyamba kutulutsa RNA kuti muone zimene zatayika. Polemba lipoti, gwiritsani ntchito dzina loti ma EV. Dzina loti exosome ndi la timatumba tochokera ku ma endosome m'kati mwa selo, ndipo SEC kapena centrifuge sizingatsimikize chiyambi chimenecho.

Cholakwika chimene chimawononga kafukufuku wambiri chimabisala posankha anthu oyerekezera nawo. Magazi a odwala amatengedwa ku wodi, amadikira, amayenda, amafika patatha maola atatu. A anthu athanzi amatengedwa pafupi ndi labu m'mawa asanadye, n'kulowa mu centrifuge m'mphindi 10. Zotsatira zimaonetsa kuti odwala ali ndi ma EV a ma platelet ochuluka, pomwe chasiyana ndi ulendo wa chubu. Atengeni anthu athanzi pamalo omwewo, ndi chubu chomwecho, magazi awo adikire nthawi yomweyo. Pa tsiku lotulutsa ma EV sakanizani odwala ndi athanzi, wogwira kolamu asadziwe kuti uyu ndi uti, ndipo pa gulu lililonse onjezerani kachubu ka PBS yokha ndi kachubu ka plasma imodzi yosakaniza imene munaigawa pachiyambi, kuti kolamu ikasintha khalidwe mwezi wachitatu muzindikire tsiku lomwelo.